Kanyali ka batire kakana kuzima pa Corolla yanga: ndigulenso chiyani?

Funso

Ndili ndi Toyota Corolla AE110 ya 1998, injini ya 5A, ndipo yayenda makilomita opitirira 250,000. Dzinja lapitali kanyali kofiira ka batire kanayamba kuphethira ndikamadutsa m'mabampu, kenako kanangoyakiratu osazimanso. Ndinagula batire yatsopano koma sikanazime. Makaniko wina anazula temino ya batire injini ikulira, injiniyo sinazime, ndiye anati alternator (chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira) ili bwino. Wina anati ayi, alternator yatha, ndipo ndinagula ina yogwiritsidwapo kale ntchito. Kanyali kakuyakabe. Chodabwitsa n'chakuti patha milungu itatu ndikuyenda tsiku ndi tsiku, usiku womwe, ndipo galimoto ikulira bwinobwino m'mawa uliwonse. Ndigulenso chiyani?

Wowerenga wa ku Ntcheu

Yankho

Musagulenso kanthu kaye, bambo. Batire mwagula, alternator mwagula, ndipo zonse ziwiri munagula popanda munthu kuikapo mita yoyezera magetsi. M'kalata yanu muli mfundo imodzi imene yandiuza zambiri kuposa zomwe amakaniko awiri aja ananena: mwayenda milungu itatu, usiku womwe, galimoto n'kumalirabe m'mawa.

Tiwerengere limodzi. Batire ya Corolla ngati yanu nthawi zambiri imakhala NS40 kapena NS60, yosunga mphamvu ya pakati pa 35Ah ndi 45Ah. Mababu awiri akutsogolo, a 55W lililonse, amadya pafupifupi 9A. Onjezanipo pampu ya petulo, koyilo, kompyuta ya injini, nyali zakumbuyo, fani ya redieta, ndi mawaipa mvula ikamagwa. Alternator ikanakhala yakufa, batire payokha ikanakuyendetsani usiku ola limodzi kapena awiri basi. Nyali zikanayamba kufiira, injini n'kuyamba kudukiza, n'kukuzimirani pamsewu. Milungu itatu n'zosatheka. Ndiye kuti alternator yanu ikutchaja. Kaya mokwanira kaya moperewera, zimenezo mita itiuza, koma ikutchaja. Chomwe tikufunafuna n'chifukwa chimene kanyali kakuyakira pamene moto ukulowa m'batire.

Chithunzi cha batire chimene anajambula pa kanyalika chadyetsa anthu ndalama zambiri, chifukwa kanyaliko sikayeza batire n'komwe. Batire itha kukhala yofooka moti sitata ikungoti ke-ke-ke, koma anyamata akakankha galimoto n'kulira, kanyaliko kamazima bwinobwino. Babu lake lili ndi mbali ziwiri. Mbali ina imalandira moto kuchokera pa kiyi, mbali inayo ili ndi waya wopita kumbuyo kwa alternator, pamalo olembedwa L (pa ma alternator a ku Ulaya amalemba D+ kapena 61). Mukatembenuza kiyi injini isanalire, alternator imagwetsera waya wa L uja ku earth (chitsulo cha galimoto, chimene chimalumikizidwa ku − ya batire), moto umadutsa m'babu, kanyali n'kuyaka. Injini ikalira alternator n'kuyamba kutulutsa moto, mbali zonse ziwiri za babu zimafanana mphamvu, moto umasowa kolowera, kanyali n'kuzima. Choncho chilichonse chimene chingagwetsere waya ameneyu ku earth chimayatsa kanyali, kaya ndi alternator yakufa, kaya ndi regulator (kachipangizo ka mu alternator kowongolera kuchuluka kwa moto) imene ikudandaula za chinthu china, kaya ndi waya amene wasupuka n'kukhudza chitsulo cha galimoto.

Ndisanapitirire, ndinene za makaniko woyamba uja. Kuzula temino injini ikulira ndi chizolowezi chimene chinachokera pa magalimoto akalekale a dayinamo, opanda kompyuta. Pa galimoto yanu musadzalolenso. Batire imagwira ntchito ngati thanki yomeza kudumpha kwa moto. Mukaichotsa alternator ili pakati potchaja, moto umalumpha mwadzidzidzi kupitirira kwambiri 12V imene zipangizo zinapangidwira, ndipo ukhoza kuotcha ma diode (tizipangizo tolola moto kudutsa mbali imodzi yokha), regulator, wailesi, ngakhale kompyuta ya injini. Komanso kuyeza kwakeko sikuuza munthu zambiri. Alternator yodwala, yotulutsa gawo lochepa chabe la mphamvu yake, ikhoza kusunga injini ikulira masana nyali zili zozima. Munali ndi mwayi kuti palibe chinapsa. Wachiwiri uja naye analakwa pokugulitsani chinthu asanayeze, ngakhale kuti iye anaganiza momwe ambiri tikanaganizira, poti kanyali aka kakayaka nthawi zambiri mlandu umakhaladi wa alternator.

Pezani multimeter, mita yoyezera magetsi ija. Ngakhale yotchipa yachikasu ija imene amagulitsa m'mashopu a zamagetsi ikwanira. Ikani pa DC 20V. M'mawa galimoto isanalire, khudzitsani waya wofiira pa mutu wa + wa batire ndi wakuda pa mutu wa −, pa mtovu weniweniwo osati pa zomangira. Batire yodzadza imaonetsa 12.6V. Ikaonetsa 12.4V yatsikako pang'ono, 12.2V ili pafupifupi theka, ndipo 12.0V kutsika m'munsi ndiye kuti yatsala pang'ono kutheratu. Wina alize injini inu mukuyang'ana mita: pamene sitata ikuzungulira, nambala isatsike kupyola 9.6V. Poti batire yanu ndi yatsopano, sindikuyembekeza vuto pamenepa. Nambala imene ndikuifuna kwambiri ndi yotsatira. Injini ikulira, pondani mafuta mpaka 2,000 rpm, muwerenge. Kenako yatsani nyali zazikulu, fani yamkati pa liwiro lomaliza ndi chotenthetsa galasi lakumbuyo, muwerengenso. Alternator yabwino imasunga moto pakati pa 13.5V ndi 14.8V, ndipo mukaisenzetsa katundu yense uja imangotsika pang'ono, osagwera pansi pa 13V.

Ine ndikuganiza kuti mupeza chapakati pa 14V. Mukapezadi zimenezo, siyani alternator, mupite pa pulagi yake.

Kumbuyo kwa alternator ya kampani ya Denso imene Toyota inkaika pa magalimoto a zaka zimenezi kuli waya mmodzi wonenepa womangidwa ndi nati, wotchedwa B, amene amatengera moto ku batire. Pambali pake pali pulagi yaing'ono ya mawaya atatu owonda. Pa kapepala komatidwa pa alternator pamalembedwa mayina awo: S, IG ndi L. Wa L tamukamba kale. Wa IG amabweretsa moto kiyi akatembenuzidwa, kuti regulator idzuke. Wa S ndi amene ndikumukayikira. Ameneyu ndi khutu la regulator: amachokera ku batire kudzera pa fyuzi yaing'ono, ndipo ntchito yake ndi kuuza regulator kuchuluka kwa moto umene ukufikadi ku batire. Akadulidwa, regulator za Denso za mtundu uwu sizisiya kutchaja. Zimayamba kuyezera moto pa B, galimoto n'kumayendabe, koma zimayatsa kanyali kuti mwini adziwe kuti china chake chasokonekera. Onani mmene zikugwirizanirana ndi nkhani yanu: galimoto ikutchaja, kanyali kakuyaka, mwasintha alternator koma palibe chasintha, chifukwa wayayo ndi wa galimoto, sanachoke ndi alternator yakale ija. Ndipo vuto linayamba m'dzinja, mwa kuphethira m'mabampu. Chinthu chimene chimabwera ndi kuchoka galimoto ikagwedezeka kawirikawiri chimakhala cholumikizira chomwe chakhwefuka kapena chadyedwa ndi chinyontho.

Yambani ndi chophweka. Tsekulani bokosi la mafyuzi la mu boneti, pafupi ndi batire, muyang'ane pa chivundikiro fyuzi yolembedwa ALT-S. Imakhala ya 5A kapena 7.5A malinga ndi mtundu wa galimoto. Musangoiyang'ana ndi maso. Izuleni, muone ngati miyendo yake yachita zobiriwira, muyeze ngati moto ukudutsa. Ndinalandirapo minibasi ina imene mwini wake anali atasinthitsa alternator katatu m'miyezi iwiri. Titatsekula bokosi tinapeza malo a ALT-S ali pululu. Fyuzi ya wailesi itapsa, kondakitala anazula kafyuzi kamene ankaona ngati kalibe ntchito n'kukaika ku wailesi, poti minibasi yopanda nyimbo okwera amaidutsa. Mwiniyo sanaseke nafe.

Fyuzi ikakhala bwino, zimitsani injini, muzule pulagi ija. Kanikizani kaloko kake, musakoke ndi mawaya, chifukwa pulasitiki ya zaka zoposa 25 imene yakhala ikuwambidwa ndi kutentha kwa injini imaphwanyika ngati chigoba cha dzira. Yang'anani m'timabowo ndi tochi. Zobiriwira kapena zoyera ngati ufa ndi dzimbiri la kopa. Timano tamkati tikatakasuka, sitigwiranso bwino, ndipo pulagi imaoneka ngati yalowa koma moto sukudutsa. Tsopano ikani waya wakuda wa mita pa − ya batire, wofiira muzikhudza nawo bowo lililonse la pulagi ya mbali ya galimoto. Kiyi ali wozimitsa, bowo la S lokha liyenera kuonetsa moto wofanana ndi wa batire. Mukatembenuza kiyi osaliza injini, IG nayo ionetse moto wa batire, ndipo L ionetse pafupifupi chimodzimodzi chifukwa moto ukudzera m'babu.

Pamenepa pafunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mita imadya moto wochepa kwambiri, moti ikhoza kuonetsa 12V ngakhale waya atatsala ndi kaulusi kamodzi kokha ka kopa. N'chifukwa chake ife timayezanso ndi babu loyesera, kwinaku tikugwedeza mawaya ndi dzanja kuyambira pa pulagi mpaka pa bokosi la mafyuzi. Babu likaphethira, pamene pali dzanja lanu ndi pomwe pali bala. Malo amene waya amakonda kuduka ndi masentimita ochepa kuchokera pa pulagi, chifukwa injini imanjenjemera pomwe thupi la galimoto lili chilili, ndipo kopa amathyokera mkati chikopa chake chili bwinobwino. Kokani waya aliyense pang'onopang'ono. Woduka mkati amatamuka ngati mphira. Wa magetsi a galimoto wodziwa ntchito akhoza kutsimikiza mwachangu: amalumikiza kawaya kokhala ndi fyuzi kuchokera pa B kupita pa S kwa kanthawi, n'kuliza injini. Kanyali kakazima, mlandu watha. Koma akonze waya weniweniyo, asangosiya chigamba chimenechi n'kuchikulunga tepi.

Pulagi ikadali yozula, yesaninso ichi. Tembenuzani kiyi, muyang'ane pa dashibodi. Kanyali ka batire kayenera kukhala kozima, poti waya wa L sakulumikizana ndi chilichonse. Kakayakabe, alternator ilibe mlandu ngakhale pang'ono. Waya wa L wakhudza chitsulo penapake, kapena vuto lili kuseri kwa mawotchi a pa dashibodi. Fufuzani pamene mtolo wa mawaya ukudutsa pafupi ndi ekizozi, pamene ukukhudzana ndi bulaketi, ndi pamene ukulowa m'galimoto. Ngati mumaimika galimoto pafupi ndi nkhokwe kapena m'chipinda chosungiramo matumba a chimanga, ganiziraninso makoswe. Amakonda kufunda kwa injini usiku, ndipo mawaya owonda ngati awa ndi amene amayamba kuwatafuna.

Simunanene ngati pali nyali ina imene ikuyaka limodzi ndi ya batire. Pa Toyota ndi Nissan zambiri zakale, nyali ya mabuleki imalumikizidwa ku waya yemweyu wa L kudzera pa ka diode, n'cholinga choti mababu onse aziyaka mukatembenuza kiyi, muone kuti ndi amoyo. Choncho alternator ikadandaula, nyali ya batire ndi ya mabuleki zimayakira limodzi, ndipo anthu amathamangira kukathira mafuta a mabuleki pachabe. Zimachitikanso mobwerera: ka diode kaja kakapsa n'kuyamba kudutsitsa moto mbali zonse, handibuleki kapena kuchepa kwa mafuta a mabuleki kumayatsa kanyali ka batire. Sizichitika kawirikawiri, koma kuyesa kwake n'kwaulere. Kwezani ndi kutsitsa handibuleki injini ikulira, muone ngati kanyaliko kakusintha.

Palinso nkhani ya alternator munagulayo. Magalimoto athu ambiri ndi ochokera ku Japan, olowa kudzera ku Dar es Salaam, Durban kapena Beira, ndipo zipangizo zakale zimene zimagulitsidwa m'misika zimachotsedwa pa magalimoto osiyanasiyana. Wogulitsa amangoona kuti mabauti akugwirizana ndipo pulagi ikulowa. Koma Denso inapanga ma alternator a pulagi yooneka chimodzimodzi pamene ntchito ya timano ndi yosiyana. Ena alibe S, m'malo mwake muli chilembo china cha waya wopita ku kompyuta kapena kwina. Ikani yakale ndi yatsopano pamodzi, muwerenge zilembo za pa timapepala tawo. Zikasiyana, ndiye kuti mwawonjezera vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba. Ndikhulupirira yakale ija simunaisiye kwa makaniko. Ngati munaisiya, kaitengeni mawa lomwe, chifukwa n'kutheka kuti ilibe vuto lililonse, ndipo ndi imene inapangidwira galimoto yanu.

Tsopano tinene kuti ndaphonya, mita yaonetsa pakati pa 12.8V ndi 13.3V, ndipo mukayatsa nyali ikugwera m'ma 12. Imeneyo ndi alternator imene ikutchaja moperewera, ndipo batire yatsopano ikubisa matendawo kwa kanthawi.

Yambani ndi lamba wozungulitsa alternator. Injini ili yozima, kanikizani ndi chala chachikulu pakati pa ma pulley (timawilo timene lamba amadutsapo) awiri otalikirana: alowe pafupifupi sentimita imodzi. Yesani kuzungulitsa pulley ya alternator ndi dzanja. Ikaterereka pansi pa lamba, lambayo wakhwefuka. Muoneni mkati mwake ngati wang'ambikang'ambika kapena akunyezimira ngati galasi, komanso ngati wanyowa ndi oyilo. Lamba wotere amalira kuti tswii m'mawa kapena mukadutsa pachithaphwi. Pomanga musachite kukoka ndi chitsulo mpaka kuuma gwa, chifukwa mudzapha mabering'i a alternator ndi a pampu ya madzi. Chinthu china chimene ambiri sachiganizira ndi pulley yaikulu ya pansi pa injini. Ili ndi zitsulo ziwiri zolumikizidwa ndi mphira pakati. Mphira ikakalamba, chitsulo chamkati chimazungulira chakunja n'kumatsalira, lamba ali womangika bwinobwino. Jambulani mzere ndi choko kudutsa zitsulo ziwirizo, lizani injini ndi nyali zoyaka kwa mphindi zingapo, muzimitse. Mzere ukaduka pakati, pulley yatha.

Lamba akakhala bwino, yezani ngati moto ukutayika panjira. Injini ili pa 2,000 rpm nyali zili zoyaka, ikani waya wofiira wa mita pa nati ya B ndi wakuda pa mutu wa + wa batire. Nambala isapitirire 0.5V, ndipo ikakhala pansi pa 0.3V ndiye bwino kwambiri. Kenako yezani pakati pa thupi la alternator ndi mutu wa −. Apa isapitirire 0.2V kapena 0.3V. Ikakwera, pali cholumikizira chauve: temino ya batire, fyuzi yaikulu yolembedwa ALT imene imamangidwa ndi mabauti kunsi kwa bokosi, kapena waya wa earth wa pakati pa injini ndi thupi la galimoto, amene amakaniko amaiwala kubwezera akatsitsa giyabokosi. Matemino ndimawaona tsiku ndi tsiku atakhomeredwa msomali kapena kachidutswa ka chitini kuti agwire. Zimenezo zimakufikitsani kunyumba tsiku limenelo, koma si zokhala nazo chaka. Tsukani mitu ya batire ndi madzi ofunda osungunuliramo soda yemwe amathira m'therere, samalani kuti asalowe m'batire, palani mpaka mtovu uwale, mugule temino yatsopano. Nthawi zonse yambani kumasula ya − ndipo muimange pomaliza. Nati ya B imakhala ndi moto ngakhale kiyi ali m'thumba, ndipo sipanala ikagunda chitsulo pamenepo imathetheka moopsa. Mphete ndi wotchi yachitsulo vulani.

Zonsezi zikakhala bwino, ndiye tilowe m'kati mwa alternator. Chimene chimatha kawirikawiri ndi mabulashi, timakala tiwiri timene timakhudza mphete za kopa pa rotor, chitsulo chozungulira cha m'kati mwa alternator. Pa Denso za mtundu uwu, atsopano amatuluka 10.5mm ndipo malire ake ndi 1.5mm. Akafupika, sipuling'i imalephera kuwakankha mokwanira, ndiye kanyali kamayamba kuphethira, kuzima mukaponda mafuta, kuyakanso pa mabampu. Kunena chilungamo, chiyambi cha vuto lanu chikufanananso ndi zimenezi, ndipo pa makilomita 250,000 mabulashi oyambirira amakhala atatha kapena atatsala pang'ono. Chimene chikundiletsa kuwaloza chala n'chakuti mabulashi akatheratu galimoto siitchajanso, pamene yanu ikuyenda, komanso kuti ma alternator awiri osiyana achite chimodzimodzi ndi tsoka losowa. Kusintha kwake n'kosavuta. Mumachotsa chivundikiro chakumbuyo, n'kumasula tisikuluwu tiwiri, kabokosi ka mabulashi n'kutuluka. Mtengo wake ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa alternator. Muli pomwepo, onani mphete za kopa zija ngati zakumbika ngalande, ndipo muyeze pakati pa ziwirizo: rotor yabwino imaonetsa pafupifupi 3 ohms.

Ma diode ndi ovutirapo kuwagwira. Alternator imapanga moto wa AC m'magawo atatu, ndipo ma diode, osachepera asanu ndi limodzi, ndi amene amausandutsa DC, moto umene batire imasunga. Imodzi ikafa, mphamvu imachepa koma siitheratu. Zizindikiro zake ndi kulira kwa mluzu m'wailesi kumene kumakwera ndi injini, alternator kutentha kwambiri, batire kutha yokha galimoto ikagona masiku awiri, ndipo pa ma alternator ena akale kanyali kamayaka mwa chizimezime, koonekera usiku wokha. Ikani mita pa AC, muyeze pa B injini ikulira. Kupitirira 0.5V ndi chizindikiro choipa. Chenjerani kuti timita tina totchipa timasokonezeka tikamayeza AC pamene pali DC, n'kuonetsa nambala zosamveka monga 28 kapena 30. Mukaona zotero, yesani kaye pa galimoto ya mnzanu musanaweruze. Ma diode amafa ndi zinthu zitatu zimene timazichita tokha: kusemphanitsa mawaya pobwereka moto kwa galimoto ina, kuwotcherera ekizozi batire ili yolumikiza, ndi kuzula temino kuja.

Mita ikaonetsa kupitirira 15V, imikani galimoto mpaka ikonzedwe. Regulator yalephera, kapena waya wa S uja wadyedwa ndi dzimbiri moti akuuza regulator nambala yochepa, iyo n'kumawonjezera moto. Batire imawira, imanunkha ngati mazira owola, madzi ake amatha msanga, mababu amapsa motsatizana. Mpweya umene umatuluka m'batire yowira umaphulika ukakumana ndi moto, choncho fodya ndi machesi zikhale kutali. Kutchaja mopyola n'koopsa kuposa kusatchaja, chifukwa kumawononga mwakachetechete zinthu zodula.

Kwa anzathu a Hiace ndi Hilux zakale za dizilo, za injini ya 2L ndi 3L, komanso Nissan ya TD27, pali chinthu chimodzi choonjezera. Pa alternator zawo pamakhala pampu imene imathandiza mabuleki kufewa, ndipo imalandira oyilo wa injini. Silo yake (kamphira kotchinga oyilo) ikatha, oyilo amalowa m'kati n'kusakanikirana ndi fumbi la mabulashi kukhala phala lakuda, mabulashi n'kumatirira. Kusintha mabulashi osasintha silo ndi kutaya ndalama, pakatha miyezi ingapo mudzabweranso. Ndipo lamba akaduka pa magalimoto amenewa, mabuleki amauma mukangoponda kangapo. Pa chitsikiro ngati cha Golomoti kapena cha Chikwawa imeneyo si nkhani yamasewera.

Mwina mukufunsa ngati mungapitirize kuyenda. Ngati mita yaonetsa pakati pa 13.5V ndi 14.8V, galimoto ikufikitsani kumene mukupita. Choipa chake n'chakuti mlonda wanu akukuwa usana ndi usiku, ndiye tsiku limene wakuba adzabweredi simudzadziwa. Pa injini ya 5A, lamba wa alternator ndi yemweyo amene amazungulitsa pampu ya madzi. Akaduka, chizindikiro choyamba chimakhala kanyali ka batire, ndipo pakangopita mphindi zochepa injini imawira. Inu chizindikiro chimenecho mulibe pakali pano, chifukwa kanyali kanu n'koyaka kale. Mpaka mutakonza, diso lanu lizikhala pa muvi wa kutentha, ndipo ukangoyamba kukwera imani pomwepo, musati ndifike kaye pa sitolo. Kamita kakang'ono kolowetsa pa soketi yoyatsira fodya kangakuthandizeni kuona moto mukuyenda. Musachite zimene ena amachita, zochotsa babu kapena kumatapo tepi yakuda. Pa ma alternator ambiri akale, makamaka a Bosch ndi Lucas, moto wodutsa m'babu limeneli ndi umene umadzutsa alternator, ndipo mukalichotsa galimoto imasiyiratu kutchaja.

Mukamapita ku galaja, pitani kwa wa magetsi a galimoto, osati kwa makaniko wa injini. Nyamulani alternator yakale ija m'buti. Mupempheni ayeze inu mukuona, ndipo mulembe papepala nambala zinayi: ya batire injini isanalire, ya pa 2,000 rpm, ya nyali zonse zitayaka, ndi ya pa bowo la S kiyi ali wozimitsa. Akayamba kumasula mabauti a alternator asanatulutse mita, muuzeni mwaulemu kuti adikire kaye, ayambe watsekula bokosi la mafyuzi.